Kodi liwu loti "boma" ndi la Chingelezi?

Make Mapasa wa ku Kapata:
Abale, ndithandizeni. Mwana wanga anapatsidwa ntchito yoti alembe mawu amene tinabwereka ku Chingelezi. Analemba sukulu, buku, sitolo, sitima, ndipo ambuyake aamuna anamuwonjezera "boma". Aphunzitsi achonga onse koma pa boma adula mzere wofiira. Apongozi anga chikwiyireni dzulo, nsima adya ali duu. Akuti boma ndi zilembo zinayi za Chingelezi. Ine sindingatsutsane ndi apongozi, ndiye ndabwera kuno. Wolakwa ndani?

Mdala wa ku Feni:
Amayi, apongozi anuwo akunena zoona. B-O-M-A, British Overseas Military Administration. Ife tinauzidwa zimenezi tili sukulu ya pulaimale, nthawi imene aphunzitsi anali aphunzitsi.

Mwana wa Chadiza:
Mwandikumbutsa ambuya anga, Mulungu awasunge. Iwo akati "ndipita ku Boma" ndiye kuti m'nyumba mwagwa nkhani. Ankaphika mbatata usiku, kumanga m'kansalu, kunyamuka tambala woyamba. Ku Boma kunali kokapereka msonkho, koyankha mlandu, kotenga chitupa. Ankati mesenjala akatulukira pamudzi ndi chisoti chake, amuna ankathera m'tchire, nkhuku n'kutsala zikuyankha mafunso. Mpaka kumwalira kwawo dzina loti Chipata sanalizolowere. Ankangoti ku Boma, akafuna kunyada amati ku Fort Jameson, koma katchulidwe kake munthu sukanalizindikira.

NaBanda Katete:
Kwathu mpaka lero pali ku Boma ndi ku Stores. Ukakwera basi osanena bwino, akutsitsa pamsewu waukulu, kwinako uyenda wekha.

Mphunzitsi Wopuma:
Bambo a ku Feni, ndi ulemu wonse, nanenso ndinaphunzitsapo ana zimenezo ndisanadziwe. Koma boma ndi liwu la Chiswahili, litanthauza mpanda kapena linga lotetezera anthu ndi ziweto. Amasai ku Kenya ndi ku Tanzania khola la ng'ombe lozingidwa ndi minga mpaka lero limatchedwa boma. Azungu pobwera ankamanga misasa yozinga ndi mpanda, ofesi ya bwana n'kukhala m'katimo. Dzina la mpanda linapita pa ofesi, kuchoka pa ofesi n'kupita pa olamulira. Linafika kuno pamodzi ndi liwu loti asikali, lomwenso ndi la Chiswahili.

Mdala wa ku Feni:
Aphunzitsi, ndiye mukuti boma ndi khola la ng'ombe? Anthu amene anagonjetsa Mpezeni, mfumu ya Angoni, mu 1898, n'kupha mwana wake Nsingo, ankakhala m'khola? Anabwera ndi mfuti. Ndiyo Military imeneyo. Zilembo zikugwirizana zonse zinayi, simungandiuze kuti zinangochitika.

Mphunzitsi Wopuma:
Mfuti anabwera nazo, sindikana. Koma amene ankalamulira kuno anali kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, mpaka 1924. Fort Jameson inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911 pamene anaphatikiza chigawochi ndi North-Western Rhodesia. Dzina la kampani likudziwika, maina a zigawo akudziwika. Nanga bungwe la zilembo zinayilo ofesi yake inali pati? Funso lina: Ajeremani ku Tanganyika nawonso maofesi awo ankawatcha boma. Ku Bagamoyo nyumba yake ikadalipo. Mjeremani akanalemba "British" pakhomo pake?

Mnyamata wa Navutika:
Kkkkk mdala wagwidwa apa. Koma ine kusukulu anatiuza kuti M ija ndi Management osati Military.

Mdala wa ku Feni:
Iwe mwana, akulu akamalankhula umayamba wapereka moni. Management kapena Military, zonse ndi M. Ajeremaniwo anaonera kwa Angelezi, chovuta n'chiyani?

Mwana wa Chadiza:
Ine za Ajeremani sindilowako. Koma aphunzitsi atatchula mpanda ndakumbuka kanthu. Ambuya aja, tikamanga mpanda wa udzu kuzungulira dimba kuopa mbuzi, sankanena kuti boma ayi, ankati mpanda basi. Malo otchingidwa a nthawi ya nkhondo ankati linga. Ndiye ngati boma ndi mpanda, ife tinalandira liwulo litavala kale yunifolomu. Za ng'ombezo zinatsalira komweko.

NaBanda Katete:
Ndiye boma ndi mpanda, tauni yathu ndi Chipata. Mpanda ndi chipata chake, zakwanirana kkkk.

Make Mapasa wa ku Kapata:
Mwandiseketsa amayi. Koma nanga mwanayu ndimuuze chiyani? Lolemba afunika kukonza.

Mphunzitsi Wopuma:
Alembe supuni kapena mpulumutsi wa aliyense, buledi. Angosamala ndi nsapato ndi kalata, amenewo ndi a Chipwitikizi, anakwera ndi amalonda kuchokera ku Tete. Ana ambiri amagwera pomwepo, poganiza kuti chilichonse chobwera ndi mzungu ndi Chingelezi. Chodabwitsa n'chakuti Angelezi eni ake ndiwo anabwereka boma. Pitani ku malo ogona alendo ku Mfuwe, mukamva akuti chakudya chamadzulo chili "mu boma", kutanthauza kabwalo kozingidwa ndi bango, moto uli pakati.

Atate a Mtenguleni:
Inu mukulimbana ndi boma, ana a masiku ano ngakhale liwulo salidziwa. Mdzukulu wanga wabwera ku Nc'wala mu February kuchokera ku Lusaka, ndikumufunsa za kwawo, akuti "tili che, ba gavamenti ndiye sibamvela." Ndinachita kufunsa amake kuti wati chiyani. Moni wake ndi "muli shani mudala", ataimirira, manja m'thumba.

Mnyamata wa Navutika:
Koma atate, inuyo munataya Chingoni n'kutenga Chinsenga ndi Chichewa, palibe anakudzudzulani. Ife tikasakaniza pang'ono ndiye mlandu.

Atate a Mtenguleni:
Taonani mayankhidwe akewo. Ndi zomwe ndikunenazi.

NaBanda Katete:
Wanga amati "ndapita mu town". Ndikati ku Boma amaseka, akuti ndikulankhula ngati wailesi ya kale. Koma pa Kulamba ndiye amafuna ndimumasulire nyimbo iliyonse kuti aike pa Facebook.

Mdala wa ku Feni:
Nkhani ija sinathe. Aphunzitsi atiuze, ngati ndi Chiswahili, bwanji Aswahili boma lolamulira amalitcha serikali? Ndamva ndekha kwa madalaivala a ku Nakonde. Ine ndikadali pomwepo: British Overseas Military Administration. Amayi a ku Kapata, apongozi anu muwaphikire bwino, sanalakwe.

Make Mapasa wa ku Kapata:
Mwana walemba buledi. Apongozi ndawawerengera zonse, pa Ajeremani paja anangoti "hmm". Tsopano akufunsa kuti bambo a ku Feniwo ndi a mudzi uti, akuti mwina anaphunzira limodzi.