Ndikupempha nzeru pa kanjanji kamene ndikufuna kuyala m'nkhalango ya paini ku Bembeke

Akuluakulu a pagulu lino, ndine bambo wopuma pa ntchito yowotcherera zitsulo, ndipo ndimakhala kwa mayi akunyumba ku Bembeke, m'boma la Dedza. Ndili mwana tinkatsika phiri kupita ku Mtakataka kukaona sitima ya pa njanji ya Balaka ndi Salima, imene inafika ku Salima mu 1935, ndipo chilakolako cha sitima sichinandichoke mpaka lero. Tsopano ndikufuna kuyala kanjanji kangakanga, kotalika mamita 200, pakati pa mitengo ya paini imene tinabzala tokha, koti ndizikwerapo ine ndi adzukulu, osati kochitira malonda.

Njanji ya dziko lathu ndi yotambalala mamilimita 1,067, koma yanga idzakhala ya mamilimita 184, muyezo umene anthu okonda masewerawa ku Britain amagwiritsa ntchito kwambiri. Kamutu ka sitima ndakawotcherera kale pakhonde, ndipo kamayenda ndi mota ya njinga ya olumala ndi mabatire awiri a mavoti 12 amene ndimatchaja ndi sola.

Chimene chandisowetsa tulo ndi kutsetsereka kwa malo. Nditayeza ndi paipi ya madzi, ndinapeza kuti pa mamita 200 amenewa nthaka ikutsika mamita 9. Ndinayala mamita 20 oyesera, ndipo m'mawa wina mame atagwa, masamba a paini atamwazika pa zitsulo, kasitima kanatsetsereka mawilo atagwidwa ndi buleki mpaka kukagunda chitsa. Mwamwayi kanali katanyamula thumba la mchenga, osati mwana. Vuto lachiwiri ndi chiswe, chimene chadya mitanda ya paini ya pansi pa njanjiyo m'dzinja limodzi lokha, ngakhale ndinaipaka oyilo wakutha. Kodi ndichite bwanji pa ziwirizi, ndipo kodi pali lamulo limene ndiyenera kulitsata ndisanapitirire?

Yankho loyamba:
Bambo, kutsika mamita 9 pa mamita 200 ndiye kuti pa mamita 22 alionse mukutsika mita imodzi, ndipo kumeneku ndi kutsetsereka koopsa, chifukwa wilo lachitsulo pa njanji yachitsulo siligwira ngati tayala pa msewu. Anthu a tinjanji totere amayesetsa kuti asapitirire mita imodzi pa mamita 50. Musalimbane ndi phirilo molunjika. Njanjiyo iyaleni mopingasa, motsatira m'mene alangizi amalembera akalozera m'munda, ndipo ikhoza kutalika kuposa m'mene munaganizira, koma idzakhala yoti mwana angakwerepo. Muikenso buleki pa ngolo imene mukhalapo inu, popeza ndi imene imalemera.

Yankho lachiwiri:
Pa za chiswe, paini wosathira mankhwala ndi ndiwo zake, ndipo oyilo wakutha amangokhala pamwamba osalowa mkati mwa thabwa. Gulani bulugamu wothiridwa mankhwala ngati wa mapolo a magetsi, kapena umbani mitanda ya simenti pa chikombole chimodzi, muikemo mabawuti simenti isanaume. Mitandayo isakhudze dothi, koma ikhale pa miyala ya kwale, ndi ngalande kumbali ya kumtunda, apo ayi mvula ya Januwale idzakokolola zonse.

Yankho lachitatu:
Achimwene, ine ndaona mawu akuti mumakhala kwa mayi akunyumba. Ngati malowo ndi a mbumba yawo, yambani mwakhala pansi ndi amalume awo komanso anyakwawa, chifukwa simenti ndi miyala zikakhazikika pa nthaka, ena adzati mkamwini akudzilembera malo. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa malo ake, choncho mafunso otere anthu sakuwaona mopepuka masiku ano. Ngati njirayo ikudutsa pa mitengo yachilengedwe monga msuku kapena mombo, kafunseni ku ofesi ya zankhalango paboma musanadule. Ndipo musagule zidutswa za njanji yeniyeni kwa ogulitsa zitsulo zakutha, popeza zina zimakhala zobedwa.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Njanji yanga ndi ya chitsulo chafulati (flat bar) chogula m'sitolo ndipo malisiti ndinasunga. Za amalume ndikuvomera kuti sindinaziganizire, popeza ndinkaona ngati ndi choseweretsa chabe, ndipo Loweruka lino tipita kukawaona ndi mayi. Mawa ndiyambanso kuyeza mopingasa phiri. Chatsala n'chakuti pamene njanji idzakhotere pali mitengo yothithikana, ndiye amene anayalapo ya muyezo umenewu andiuze kuti khonayo itambalale mamita angati kuti mawilo asachoke.