Ndalama za mjigo ndi nkhani ya mwana wa nsagwada yopendekeka

Wapampando: Moni nonse. Nkhani yachokera kumudzi. Mtsikana uja wa zaka 11, amene anabadwa nsagwada yakumanzere ili yaifupi ndi khutu laling'ono, akuvutika kutafuna. Mano akumwamba ndi akumunsi sakumana, moti nsima mayi ake amachita kumufewetsera ngati phala. Ena akuti titape m'thumba la mjigo timuthandize. Tiyeni tikambirane.

Msungichuma: Bambo Wapampando, mwanayo tonse akutimvetsa chisoni. Koma ndalama zija anthu anasonkhera mjigo, ndipo amayi athu akutungabe kudambo. Tikazipatutsa lero, mawa palibe adzasonkhenso.

Mlongo wa ku Joni: Kuno ndinamva kuti amaika mfundo yachitsulo m'nsagwada, nkhope n'kuwongoka. Bwanji tisonkhe zambiri akamuike basi?

Namwino wa ku Manchester: Achemwali, mfundoyo ilipodi. Amaipanga ndi chitsulo ndi pulasitiki yolimba, ndipo kwa obadwa chonchi amaiumba potsatira CT scan ya mwini wakeyo, chithunzi choonetsa mafupa m'kati mwa thupi. Vuto n'lakuti chitsulo sichikula. Mukamuika pano, mbali inayo ipitiriza kukula, nkhope n'kupendekekanso. N'chifukwa chake madokotala nthawi zambiri amadikira mafupa asiye kukula, munthu akafika zaka 17 kapena 18. Kwa ana amatha kudula kachidutswa ka nthiti ya mwana yemweyo n'kukaika m'nsagwada, poti kamakula naye limodzi. Chomuyenera iyeyu anene ndi dokotala atamuona. Ayambe watenga kalata kuchipatala chachikulu cha boma lathu, apite ku Queens ku Blantyre. Kumenekonso kuli Mercy James, ya maopaleshoni a ana, imene inatsegulidwa mu 2017.

Mphunzitsi: Ine ndinamuphunzitsa Sitandade 3. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, atadziphimba tsaya ndi kope. Masamu amakhoza kwambiri. Chimandiwawa n'choti akuluakulu ena amanenabe kuti mayi ake analakwira mwambo ali oyembekezera. Abale, zimenezi tizitsutse. Mayiyo sanalakwe kanthu.

Msungichuma: Ngati choyamba ndi thiransipoti, chakudya ndi pogona pa womudikirira, chimenecho sindikana. Koma likhale thumba lapadera, ndi buku lakelake.

Mlongo wa ku Joni: Zikomo anamwino, za nthitizo sindimazidziwa. Yanga nditumiza mwezi ukatha.

Wapampando: Tagwirizana, za mjigo sitikhudza. Amsungichuma, tiuzeni njira yotumizira, kaya Mpamba kaya Airtel Money. Aphunzitsi, Loweruka mundiperekeze kwa mayi ake tikamve maganizo awo. Sindikufuna timangire banja mfundo eni ake kulibe.