Metformin akunditsegula m'mimba, ndipirire kapena ndisiye?

Mayi Telala:
Moni nonse. Ndili ndi zaka 48, ntchito yanga ndi yosoka zovala. Mwezi wathawu anandipeza ndi shuga wa mtundu wachiwiri, HbA1c, muyeso wa mmene shuga wakhalira m'magazi kwa miyezi ingapo, inali pa 9.2. Anandipatsa metformin wa 500 mg, m'mawa ndi madzulo. Chiyambireni kumwa, m'mimba simukukhazikika ayi. Nseru, kubangula, ndipo m'kamwa mumamveka ngati ndikuyamwa ndalama yachitsulo. Dzulo ndinasiya kasitomala ataimirira, tepi ili m'chiuno, ine liwiro la kuchimbudzi. Adokotala anati shuga akapanda kutsika andiwonjezera gliclazide. Kodi zam'mimbazi zimatha? Nanga bwanji osangondichotsera metformin n'kundipatsa gliclazide yekhayo?

Namwino Wopuma:
Pepani mayi. Zimenezi n'zofala kwa oyamba kumene, ndipo kwa ambiri zimachepa pakapita milungu ingapo. Koma ndikufunseni: mukumwa nthawi yanji? Mukamwa m'mimba mulibe kanthu, ndiye mwaziputa. Imwani mukudya kapena mutangomaliza. Ambiri amayamba ndi piritsi limodzi patsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono, ena mpaka 2,000 mg. Inu mwayamba ndi awiri, mwina thupi ladzidzimuka. Bwererani mukawauze. Angakubwezereni pa limodzi kaye, kapena kukupatsani aja olembedwa SR kapena XR, amene amasungunuka pang'onopang'ono. Amenewo osawatafuna kapena kuwaphwanya.

Mankhwala awiriwa ntchito zawo n'zosiyana. Metformin amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri m'magazi, komanso amathandiza thupi kumvera insulini. Pawokha sagwetsa shuga mopyola muyeso kawirikawiri, ndipo sanenepetsa. N'chifukwa chake madokotala safuna kumusiya msanga. Gliclazide ndi mnzake glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, kaya mwadya kaya simunadye. Chinanso, akuyezeni impso. Impso zikafooka kwambiri, eGFR, muyeso wa mmene impso zikugwirira ntchito, ikatsika pansi pa 30, metformin samwedwa. Ndipo mukadwala kusanza ndi kutsegula kwenikweni moti madzi sakukhala m'thupi, funsani kuchipatala tsiku lomwelo, nthawi zambiri amati muimitse kaye.

Bambo wa Lole:
Mayi, gliclazide musamuone ngati wofatsa chifukwa savuta m'mimba. Ine ndimamwa onse awiri. Tsiku lina ndinamwa m'mawa, katundu anachedwa kutsitsidwa, nthawi ya nkhomaliro n'kudutsa. Ndinangoona manja akunjenjemera pachiwongolero, malaya anyowa ndi thukuta, mtima ukuthamanga, kenako ndikukalipira mnyamata wondithandiza popanda chifukwa. Kamakina koyezera shuga kanaonetsa 3.4. Chilichonse chochepera 4 ndiye kuti shuga wagwa. Ndinasungunula masipuni atatu aang'ono a shuga m'madzi, n'kudikira mphindi 15, kuyezanso, kenako n'kudya chakudya chenicheni. Masiku ano masiwiti sachoka m'thumba la malaya. Inu osoka ndimakudziwani, mukagwira diresi la ukwati mumaiwala kudya mpaka dzuwa kupendeka. Akakupatsani gliclazide, khalidwe limenelo lithe.

Achemwali a Mapasa:
Ine metformin ndamwa zaka zambiri, m'mimba munazolowera kalekale. Chimene sanandiuze poyamba n'choti amachepetsa vitamini B12. Mapazi atayamba dzanzi ndinkati ndi shuga basi, atandiyeza anapeza B12 watsika. Komanso wowonjezera si gliclazide yekha. Ine anandiika pa empagliflozin chifukwa cha mtima. Ameneyu amatulutsa shuga kudzera mumkodzo, amateteza impso ndi mtima, koma mumakodza pafupipafupi, ndipo ife amayi kuyabwa kumaliseche kumabwerabwera. Aliponso semaglutide, jakisoni wa kamodzi pamlungu, koma nayenso nseru yake si yamasewera.

Mayi Telala:
Zikomo nonse. Anamwino, mwalasa. Ndimamwa ndikangodzuka, chakudya chimabwera cha m'ma 10 koloko. Nanga ndidziwa liti kuti mankhwala akugwira?

Namwino Wopuma:
HbA1c imaonetsa mmene shuga wakhalira kwa miyezi iwiri kapena itatu, choncho kuyezanso mawa n'kungotaya nthawi. Akuyezeninso pakatha miyezi itatu. Kwa akuluakulu ambiri cholinga chimakhala pafupi ndi 7. Kuchokera pa 9.2, metformin yekha mwina sangakufikitseni, ndiye akawonjezera wina musadabwe. Mawa lomweli piritsi la m'mawalo lidikire chakudya cha 10 kolokocho, ndipo popita kwa adokotala mukawauze nthawi zimene mumadya musanalandire gliclazide.