Eni ake a Volvo XC90 ndi Lexus RX 350L, ndithandizeni nzeru

Abale anga, ndikufuna kugula galimoto yaikulu ya banja yoyendapo kale, koma mtima uli pawiri: Volvo XC90 T6 ya 2018 kapena Lexus RX 350L ya chaka chomwecho. Tili ndi ana anayi, ndiye mipando ya kumbuyo kwenikweni izigwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Volvo yandikopa chifukwa kumbuyoko kuli malo, pomwe mu Lexus mwana wathu wamkulu mawondo amagunda mpando. Chikundidetsa nkhawa ndi injini ya Volvo ya malita 2, yokhala ndi turbo komanso supercharger (zida zoiwonjezera mphamvu). Kodi kainjini kotere pa galimoto yolemera chonchi kamapirira ikapitirira makilomita 150,000? Sikadya oyilo? Lexus ili ndi injini ya V6 ya malita 3.5 yopanda turbo, ndipo ambiri amaitama kuti sivutavuta, nkhani yomwe kwa ine ndi yaikulu kuposa kukongola.

Amene Volvo yanu ili ndi air suspension (masipuling'i a mpweya m'malo mwa achitsulo), yakuvutitsanipo? Nanga sikirini ya pakati ya mu Volvo, poti ngakhale AC imayendera pomwepo, ikazima mumatani?

Inu amene mwakhala nazo zaka zingapo, mutati mugulenso lero, mungabwerere ku yomweyo?