Phazi la mwana likumapindika madzulo okha

Mayi wa ku Malindi:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wa achemwali anga, mtsikana wa zaka 9, phazi lake lamanzere likumapindikira mkati lokha, mpaka kumayendera zala. M'mawa amapita kusukulu bwinobwino, koma dzuwa likapendeka sangafike ngakhale kunyanja kukatsuka mbale. Akagona, kukacha ali bwino. Sakomoka, satuluka thovu. Agogo ake akuchimuna akuti ndi ulesi, ena akuti anaponda mankhwala. Koma amayi athu akuti malemu achimwene awo ankayendanso chonchi ali mwana. Kodi zoterezi zimayenda m'magazi?

Wachipatala pa Boma:
Mayi, zimayenda ndithu. Madokotala amati dystonia: ubongo umatumiza uthenga wolakwika, minofu n'kumakungika yokha mwini wake asakufuna. Si khunyu, ndipo si ulesi.

Chimene chandigwira mtima ndi zoti m'mawa amakhala bwino. Ulipo mtundu wina umene anaufotokoza dokotala wa ku Japan, Masaya Segawa, m'zaka za m'ma 1970. Ubongo supanga mokwanira dopamine, amene amathandiza kuyendetsa bwino minofu, ndiye mwana amavutika kwambiri kukamada. Umagwira atsikana kuposa anyamata, ndipo kholo limatha kupatsira mwana lokha lisakudwala, n'chifukwa chake umaoneka ngati wadumpha m'badwo. Ukakhala umenewu, levodopa wochepa chabe, mankhwala omwe aja a matenda onjenjemera a Parkinson, amamuyendetsa mwana ngati anzake. Koma musakagule nokha, amuyeze kaye. Mumujambule vidiyo pa foni madzulo, chifukwa kuchipatala mudzafika m'mawa iye ali bwinobwino. Za amalume anuwo mukazinene, ndipo mukapemphe kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Abiti wa ku Namwera:
Wanga anapindika khosi, maso kuyang'ana kumwamba, atamwa metoclopramide woletsa kusanza. Atasiya zinatha. Mufunse achemwali anu ngati pali chimene mwanayo akumwa.

Msodzi wa ku Makanjira:
Si matenda aja a Huntington amenewa?

Wachipatala pa Boma:
Sakufanana, achimwene. Huntington kawirikawiri imayamba munthu ali ndi zaka 30 mpaka 50, thupi limagwedezeka ngati akuvina, nzeru ndi khalidwe zimasinthanso, ndipo munthu sadzuka ali bwino m'mawa.

Mayi wa ku Malindi:
Zikomo nonse. Mankhwala sakumwa aliwonse, Abiti. Vidiyo ndijambula lero lomwe, ndipo oyamba kuiona akhala agogo ake aja.