Tirigu m'chipululu cha Egypt, madzi akuwatenga kuti?

Mlimi wa ku Chikwawa:
Akuluakulu, ndaona zithunzi za minda yozungulira yobiriwira pakati pa mchenga ku Toshka, kum'mwera kwa Egypt. Ine munda wanga wa anyezi ukangotha sabata osathirira, nthaka imachita ming'alu. Nanga iwowa akutha bwanji?

Che Mjomba:
Achimwene, amapopa madzi m'nyanja ya Nasser, kuseri kwa damu la Aswan pa mtsinje wa Nile, n'kuwayendetsa mu ngalande ya Sheikh Zayed. Ntchitoyi idayamba mu 1997. Mindayo ndi yozungulira chifukwa chipaipi chachitali chamatayala chimazungulira chikuwaza madzi.

Nachisale:
Komatu si yonse ya madzi a Nile. Ku East Oweinat, dera lina la m'chipululu cha Egypt, amakumba zitsime zakuya, ndipo madziwo ndi akalekale, mvula sikuwabwezeretsa. Saudi Arabia idalima tirigu motero mpaka idasiya mu 2016 madzi apansi atachepa. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Che Mjomba:
Zoona mayi. China ndi mchere. Dzuwa likaumitsa madzi, mchere umatsala pamwamba, mbuu ngati phulusa. Popanda ngalande zotulutsa madzi otsala, mbewu zimapserera. Achimwene, kwanuko zitsime zina ndi zamchere, yambani mwayezetsa madzi anuwo.