Ulendo wa ku Mangochi pa Tsiku la Anakubala

Chisomo: Mwadzuka bwanji nonse. Za pa 15 October zija, minibasi yapezeka. Inyamuka ku Blantyre 5 koloko m'mawa, itenga amalume ku Zomba, kenako Liwonde mpaka kunyanja. Amene simunasonkhe, Mpamba yanga ndi yomwe ija.

Amalume Phiri: Zikomo mwana wanga. Koma ndili ndi pempho. Tisangodutsa pa boma la Mangochi ngati kale. Tiime kaye pa myuziyamu ija ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ana akaoneko.

Mphatso: Amalume, kotentha kuja tikayendenso m'nyumba ya zinthu zakale? Ana akufuna madzi basi 😂

Amalume Phiri: Madzi sathawa. Ola limodzi lokha.

Azakhali a ku Ndirande: Ine ndili mbali ya achimwene. Ana awa amadziwa kuti bambo athu, agogo awo, ankagwira ntchito m'sitima, koma akafunsidwa sitima yake iti amangoti Ilala, chifukwa ndi yokhayo anaimva.

Madalitso (Joni): Muli chiyani m'menemo? Ine ndadutsapo kambirimbiri koma ndimangoona wotchi ija pa raundabauti.

Amalume Phiri: Wotchiyo ndiye poyambira. Anaimanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imeneyo tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Boma lachitsamunda linamanga linga pamenepo chifukwa ndi pakhomo pa nyanja, pomwe Shire amatulukira, ndipo njira ya ogula akapolo inkadutsa m'dera la mfumu Mponda. Pafupi ndi wotchi pali mzinga wa sitima yankhondo ya Guendolen. Mu August 1914, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangoyamba, Guendolen inapita ku Liuli, tsidya la Tanzania, n'kukawombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda akuikonza. Woyendetsa wachijeremani anali asanamve n'komwe kuti kwabuka nkhondo, ndipo iye ndi Rhoades, woyendetsa Guendolen, ankadziwana, ankamwera limodzi. Mzinga umenewo mwana atha kuugwira ndi dzanja.

Mphatso: Aaa, ndiye nkhondo ya Azungu inafika mpaka pa nyanja yathu?

Amalume Phiri: Inafika. Ku Karonga anamenyananso pamtunda mwezi wotsatira, manda alipo. Unaphunzira chiyani kusukulu iwe?

Madalitso (Joni): 😂😂 Mphatso wagwidwa.

Azakhali a ku Ndirande: Ine chomwe ndikufuna ana aone ndi chikumbutso cha Vipya. Chili pomwepo. Sitima imeneyi inamira mu July 1946 kumpoto kuja, kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu oposa 140 anathera m'madzi. Inali isanayende n'komwe nthawi yaitali. Amayi amakamba kuti bambo atalembedwa ntchito m'sitima patapita zaka, mayi awo a bambo analira usiku wonse, akuti mwana wanga akukalowa m'bokosi. Mpaka kumwalira kwawo, mwera ukamawomba ankakhala pakhonde osadya, mpaka bambo atabwera.

Chisomo: Izi sindinazimvepo ine.

Azakhali a ku Ndirande: Simufunsa. Ndiye paja ulendowu ndi wa agogo anu, amayi athuwa, ndi tsiku lawo. Ndawafunsa usiku, akuti akufuna akaimepo okha pa mwalapo.

Mphatso: Ngati agogo anena ndiye basi, ine ndatseka pakamwa.

Alamu a ku Lilongwe: Ife tibwera pa galimoto yathu, kudzera Dedza, Golomoti, n'kutsikira ku Mangochi. Tikumane pa wotchi pomwepo cha m'ma 9. Koma wina afufuze ngati amatsegula pa holide, tingakapeze chitseko chokhoma.

Chisomo: Mnzanga amaphunzitsa ku Mangochi konko, ndimutuma akafunse mawa, komanso mtengo wolowera wa ana ndi akulu. Ndiuphatikiza pa zosonkha.

Amalume Phiri: Ngakhale atatseka, wotchi, mzinga ndi chikumbutso zili panja. Koma m'kati ndi mwabwino, muli za nsomba za m'nyanja, za usodzi, za Ayao a kuderali ndi zithunzi za sitima zakale. Ndi kanyumba kakang'ono, musayembekezere ngati myuziyamu ya ku Chichiri. Zina zasuluka, komabe akakupatsani wofotokoza wabwino mumatulukamo mwaphunzira. Tidzamupatseko kangachepe.

Madalitso (Joni): Ine kulibeko, koma ndatumiza yamafuta ndi ya chambo cha agogo. Mudzandijambulire kanema akamafotokoza za agogo aamuna, musadzangonditumizira zithunzi za mapazi m'mchenga.

Azakhali a ku Ndirande: Agogo sangayende mtunda padzuwa. Dalaivala adzaime pafupi. Mphatso, unyamule kampando kopinda kaja ndi ambulera, ndipo mankhwala awo a shuga asaiwalike.

Mphatso: Chabwino azakhali. Nanga nkhomaliro? Tikachedwa pa myuziyamu chambo chikatha.

Alamu a ku Lilongwe: Tidzaitanitsiratu tikafika pa wotchi. Chisomo, tiuze anthu tilipo angati.

Chisomo: Akulu 11, ana 7. Amene simunalipire ndinu atatu, mayina sinditchula lero. Lachisanu nditchula.